Ndodo M'malo mwa Dzanja

Kwaya ya mpingo inali itatsala pang'ono kufika pamwamba pa phiri pamene Faines anaona zomuwawa mtima. Njira inkadutsa pakadambo ka dothi lakuda, lofewa ngati phala, ndipo mwamuna wake Rodrick, woimbitsa kwayayo, anaima kutsidya n'kumalozera anthu popondera. Atafika Mirriam, mtsikana wamawu okoma amene anangosamukira kumene kuchokera ku Mponela, Rodrick anamugwira dzanja. Mtsikanayo anawoloka bwinobwino, koma manjawo sanasiyane msanga. Ankasekererana zawozawo.

Nsanje inamugwira Faines. Chikwatiraneni, Rodrick anali asanamugwirepo dzanja pagulu. Popita kutchalitchi ankayenda patsogolo ali ndwii, mkazi pambuyo ndi mwana kumsana, ati ndiwo ulemu wake. Lero ulemuwo unali utatsalira m'munsi mwa phiri.

"Alamu, pondani paudzupo," anatero Lidia, mlongo wake wa Rodrick. "Pakudapo pamatitimira."

Faines anamva ndithu, koma anaponda pakudapo dala. Mwendo unalowa mpaka m'bondo, madzi ake ozizira ngati a mumtsuko. Azimayi anakuwa, abambo awiri anatambasula manja kuti amukoke.

"Ndisiyeni," anatero Faines. "Wanga alipo."

Rodrick anabwera, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamulozetsa ndodo imene ankayendera.

"Gwirani apa, amake Lonjezo."

"Ndodo? Ndine mbuzi yogwera m'dzenje ine?"

Anthu anaphulika kuseka. Rodrick anatuluka thukuta ngakhale kunali mphepo.

"Mayi inu, anthu akuona," ananong'ona.

"Aone! Powolotsa enawa, anthuwo anali atatsinzina?"

Kuseka kuja kunatha zii. Mirriam anawerama n'kuyamba kumanga chitenje chimene sichinamasuke n'komwe.

"Achimwene, musatichedwetse," anatero Lidia. "Gwirani mkazi wanu, chifunga chikubwera icho."

Rodrick anaika ndodo pansi, anawerama n'kumugwira. Atamukoka, mwendo unatuluka, koma nsapato inatsalira m'matope momwemo. Pamene ankati abweze dzanja lake, Faines analifinya.

"Mwatulukatu, basi," anatero Rodrick.

"Pamwamba sitinafike."

Anakwera choncho, Faines akutsimphina ndi nsapato imodzi, miyala ikumubaya kuphazi. Sanadandaule. Mtima unali usanatsike, koma ankamva kukoma kuti Mirriam akubwera pambuyo pawo ndipo akuona.

Pamwamba mphepo inkawomba mwamphamvu. Anthu ankalozerana minda ya fodya ndi malata onyezimira a ku Mponela, wina akuti waona denga la kwawo, ena akumutsutsa. Faines sanayang'aneko. Maso ake anali pa Mirriam, amene anakaima kumapeto kwa mzere.

"Aphunzitsi, tiyambitseni nyimbo tisanaume ndi kuzizira," anatero mmodzi wa abambo aja.

Rodrick anayang'ana mkazi wake mopempha. Faines anayang'ana kumbali, dzanja lamanja lija osalisiya. Rodrick anakhosomola, anapereka mawu oyambira, ndipo tsiku limenelo anaimbitsa kwaya ndi dzanja lamanzere lokha.