Monga Kale Apita Kubekale

Dzina loti Monga Kale anamupatsa ndi wometa. Akangokhala pampando, asanafunsidwe n'komwe, iye wayankha kale kuti monga kale. Nsapato monga kale, njira yakumsika monga kale. Kuntchito yolemba zikwangwani anamuchotsa pa chifukwa chomwecho: bwana anati manja ali nawo, koma mutu wake subala kanthu. Mawuwo anamupweteka, tisaname. Tsopano ankagona pabalaza kwa achemwali ake, ndipo alamu anali atayamba kutsokomola akamuona patebulo.

Atamva kuti kubekale ya pakona akufuna munthu, achemwali anamukhazika pansi. Anati mabwana a masiku ano amafuna nzeru zatsopano, ndiye asakawachititse manyazi. Anamuloweza pamtima: buledi wa jinja, buledi wofiira, buledi wooneka ngati nsomba. Njira yonse ankangobwereza.

Mwini bekale anali mayi wamfupi, ufa mpaka m'nsidze. Anamuonetsa sikelo, kapu ya mchere ndi wotchi yapakhoma, n'kumuuza kuti akande mtanda. Apa ndiye anafika pake mwana wa anthu! Ufa anayeza mpaka muvi wa sikelo unaima penipeni. Mtanda anaufunditsa n'kudikira wotchi, osausuzumira. Anasangalala moti anayamba kuimba kamluzu. Kenako mayiwo anaponya funso lija.

"Nanga iwe ungasinthe chiyani pa buledi wangayu?"

Anakumbukira buledi wa jinja uja. Anaganiza za pabalaza, anaganiza za chifuwa cha alamu, koma bodza linamukanika.

"Palibe, mayi. Ine nzeru zatsopano ndilibe. Mukandionetsa kamodzi, ndizichita choncho mpaka kalekale."

Mayiwo anaomba m'manja, ufa n'kuti koboo. Anati Mulungu si munthu, wawamva. Wantchito woyamba ankawonjezera shuga mwa nzeru zake, wachiwiri anachepetsa mchere poti anaonera pafoni, makasitomala n'kuthawa mmodzimmodzi. Iwo anatopa nawo anthu anzeru. Epuloni anamuveka okha, n'kumumanga kumbuyo ngati mwana wasukulu.

Buledi wake woyamba atangotuluka mu uvuni, fungo linakoka telala wa tsidya la msewu, yemwe anali atalumbira kuti sadzagulanso pamenepo. Ananyema kachidutswa mokayika, n'kutafuna atatsinzina.

"Eya. Monga kale."

"Wawa?" anayankha mnyamatayo kuchokera ku uvuni, poyesa akumuitana.

Mayi aja anaseka mpaka kugwira sikelo. Iye atazindikira, misozi inalengeza. Chibadwire, aka kanali koyamba kumva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa munthu wokhutira.

Poweruka sanayende, anachita kuthamanga, njira yake yomwe ija, buledi wotentha ali m'khwapa. Anamuika patebulo pamaso pa alamu, n'kukoka mpando. Tsiku limenelo alamu sanatsokomole.