Chisoti cha Newton

"Musatsuke kaye," anatero Abigail.

"Hayi bo, mntanami, mwana wanga iwe, akabwera avale ndere?"

Mayi Loyce anali atagwada pakhomo la nyumba yawo ku Tshabalala, chisoti cha ntchito cha mwana wawo Newton chili m'beseni. Malayitsha, uja amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, ndi amene anachibweretsa m'mawa pamodzi ndi zovala. Newton ankapala maboti kudoko la Durban, ndipo foni yake inasiya kulira kalekale. Mnzake Jasper anatumiza mawu akuti munthuyo anapita ku Cape Town kukasaka ntchito yabwino, chisoti anangochisiya pakhonde, mvula n'kuchiwononga.

Abigail, mlongo wake wa Newton, anachinyamula. Digiri yake ya zamoyo inali isanamupezerepo ntchito, koma lero lokha inaganiza zogwira ntchito.

Mkati mwa chisoti munali ndere youma. Pamwamba, pamene pamawomba dzuwa munthu akavala, panamatirira tizigoba toyera, tolimba ngati mano. Anakumbukira zimene anaphunzira: chinthu chikakhalitsa m'nyanja yamchere, mbali yoyang'ana kuwala imamera ndere, mbali yoyang'ana pansi kumdima imagwidwa ndi tizilombo ta zigoba. Ndiye kuti chisotichi chinalendewera chozondoka m'madzi, kukamwa kuli kudzuwa, mpaka tizilomboto kukula. Mvula ya pakhonde sibereka zigoba.

Chinalendewera ndi chiyani? Anachitembenuza. Lamba wa pachibwano anali womangabe. Newton chisoti ankachivula ngati mfumu, kumasula lamba kaye, kenako kupukuta thukuta.

"Waona chiyani, dokotala wa achule?" anafunsa mayi ake akuseka.

"Palibe, Mama. Ndere basi."

"Bweretsa nditsuke. Ku Cape Town kumazizira, sachedwa ameneyo."

Anawapatsa. Anaima n'kumamva mpeni ukupala tizigoba timodzitimodzi, mayi akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Kenako anazembera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi migolo ya madzi, n'kuimbira Jasper.

"Sisi Abi! Katundu wafika bwino?"

"Wafika, achimwene. Zikomo povuula chisoti."

Abigail anatsitsa mawu.

"Nanga mwiniwake munamuvuula?"