Chikho Chimene Sichinatsike

Lumo linali pakati pa mutu wa Enifa pamene mayi wachilendo analowa pabwalo, matope mpaka m'maondo, mtanga wovundikira uli pamutu. Sanaodire. Anangokhala pamphasa ya ofedwa.

"Mukatha uyo, mundimete inenso," anatero m'Chinyanja chopendekera ku Chilomwe. "Ndine Lusiya."

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Alufeyo, bambo a Enifa, ndipo pa tsiku lometa ometedwa amakhala abale okha. Lackson, mchimwene wa Enifa, analeka kunola nkhwangwa patsinde la mango.

"Mayi, maliro achuluka chaka chino. Mwina mwaphonya khomo."

"Nkhwangwayo ndi yachiyani, mwanangu?"

"Ya mikuyu ya pamtunda. Mawa ikugwa. Malo onse anadya tiyi, nandolo tidzale padenga? Bambo ankangodzala mitengo, mpaka kuseri kumene ife sitimwako n'komwe."

Enifa anazyolika. Anakumbuka ali wamng'ono, bambo atamukweza pamwamba pa mtundawo. Anathira madzi pamsana pa mwala, madziwo nagawikana. "Taona, awa apita kwathu, awa kwa eni. Mvula imasiyanirana pano. Ukameta mutu wa phiri, mitsinje iwiri ifa." Kasupe wa kuseriko ankamutcha Namahiya, ndipo ukawafunsa chifukwa ankangoyamba kutsokomola. Enifa anakula akukhulupirira kuti linali dzina la chibwenzi chawo chakale, ndipo chinsinsicho ankachikonda mumtima.

Mlendo anavundukula mtanga. Munali zikho zokhazokha, zina zakuda ndi ukalamba, chilichonse chili ndi timizere titatu pakhosi. Enifa anasuzumiramo. Chizindikirocho chinalinso pa mpini wa khasu la bambo.

"Mvula yoyamba ikagwa, chikho chimatsika ndi mtsinje wathu n'kukodwa m'mono mwanga," anatero mlendo. "Chaka ndi chaka. Chaka chino ndadikira, zii. Ndiye ndatsata madzi chokwera, ndadumpha mtunda, ndatsata enawa chotsika mpaka pakhomo pano."

"Bambo munali nawo chiyani?" anafunsa Lackson.

"Bere limodzi. Pothawa kwa Apwitikizi tinali awiri, iye wosinkhukirapo. Njala itatipana anandisiya kwa anthu kuseriko, iwo namupatsa dengu la chinangwa. Manyazi ake, mwanangu! Ulendo wa tsiku limodzi, koma sanatsikeko. M'malo mwake anandidzalira nkhalango."

Anaseka, misozi ikutsika.

"Pa njala ija ya fote naini mitsinje ya anzathu inasanduka misewu. Wathu sunaphwe. Anthu ankati ndi mizimu. Ine ndinkati, eetu, mzimu wake ndikuudziwa, uli ndi makutu ngati ako amenewa."

Wina anaphulika kuseka, ena natsatira. Lackson anagwira khutu lake, nayang'ana nkhwangwa nthawi yaitali. Kenaka anagogoda mpini pamwala mpaka chitsulo chinaguluka, nachiponya pansi pa nkhokwe.

"Nandolo tikapempha malo kudambo," anatero chapansipansi. "Akhala ndi ludzu azakhaliwa, apatseni madzi."

Enifa, mutu wometedwa theka, anatenga chikho chakale koposa zonse, natunga mumtsuko. Mlendo atamwa, otsalawo anamunyowetsa nawo imvi. Enifa anapempha lumo, nagwada.

"Zakhali, a Lusiya..."

"Dzina ilo ndi la ansembe, mwanawe." Mayiyo anaweramitsa mutu m'manja mwa Enifa. "Iye ankanditcha Namahiya."