Sikirini ya Mayi Eufemia

Pa tsiku loikira anthu Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mwaulere mumzinda wa Barquisimeto, Yorman analandira laputopu yakale ya Mayi Eufemia, omwe amagulitsa chakudya pageti la yunivesite. Ataika zonse, kunatsala kusankha maonekedwe a pa sikirini: pokhala mabatani, mawindo ndi wotchi. Yorman ankafuna XFCE chifukwa ndi yopepuka. Wilmer, mnzake amene anali naye patebulo limodzi, anakakamira KDE.

"Aise, makina okalamba ngati awa uwasenzetse KDE? Akufera m'manja," anatero Yorman.

"Nanga XFCE yakoyo? Imaoneka ngati ofesi yosapaka penti," anayankha Wilmer.

Anakangana mpaka khofi wawo anazizira, mayiwo akudikira, chikwama pamiyendo. Wilmer atatopa, Yorman anaika XFCE yake ija. Anandandalika mabatani m'munsi, anakulitsa zilembo, anasankha mitundu yosathobwa m'maso. Mumtima anati lero ndiye ndagwira ntchito.

"Mayi, taonani kukongola kwake. Mukadina apa..."

"Mwanawe, ingondionetsa poimbira mwana wanga Yulimar amene ali kunja ku Lima."

Yorman anatsegula poimbirapo, ndipo Yulimar anayankha, nkhope yake ikuoneka pa kachithunzi kakang'ono. Mayiwo anasendera pafupi n'kupempha kuti chithunzicho achikulitse, poti maso awo saonanso bwino. Yorman anadina. Nkhope ya Yulimar inadzaza sikirini yonse, n'kukwirira mabatani, wotchi ndi mitundu yonse ija.

"Eya, muisiye chomwechi," anatero mayiwo, maso ali pa mwana wawo. "Musaikhudzenso."