Mtsikana wa Pansi pa Mandasi

Mbaleyo inalowa m'nyumba ya Flora itadzaza mabisiketi, tsiku limene amuna ake anatuluka m'chipatala. Anabwera nayo ndi Mayi Carmela, nkhalamba ya Chitaliyana yoyandikana nawo nyumba ku South Bend, ku America. Mabisiketi atatha, pansi panaoneka chithunzi cha mtsikana wosavala akuthawa mwamuna, zala zake zikuphuka masamba. Flora anaivundikira pamwamba pa firiji, kuopa maso a azimayi a kumpingo.

Asanaibweze, mwana wa Mayi Carmela anawasamutsira kunyumba yosamalirako okalamba ku Lawrence, ku Indianapolis. Patatha miyezi iwiri mwanayo anamuimbira foni Flora: amayi ake aleka kudya. Ikatha sabata ino asanadye, awaika paipi yodyetsera.

Loweruka m'mawa Flora anaweruka kuntchito ya usiku n'kufikira kukazinga mandasi, miyendo ikuwawa. Tusekele, mwana wake wa kuyunivesite, anaijambula mbale ija n'kufufuza pafoni.

"Mom, no! Iyi ndi maiolica, mbale zakale za ku Italy. Mwina ili ndi zaka mazana anayi. Mafuta aiwononga!"

"Ndiye ndikabweze mbale ya eni yopanda kanthu? Unaleredwa ndi ine kapena ndi foniyo? Tenga makiyi, udiraiva ndiwe."

Ulendo wonse, maola awiri ndi theka, Flora anaifungatira pamiyendo.

Mayi Carmela anawapeza atagona choyang'ana kukhoma, manja atatsala mafupa okhaokha, phala litazizira pambali. Flora anawadzutsa, nakhazika mbale pabulangete. Mayi Carmela sanalabadire za mandasi. Anangosisita m'mphepete mwa mbale, momwe munali buluu ndi chikasu.

"Mtsikana uja, Daphne, ali pansipo," anatero ndi mawu osasa. "Ndili mwana, mayi anga ankati sindimuona mpaka nditamaliza chakudya."

"Lamulolo silinasinthe," anayankha Flora.

Chala chawo chinayamba kukankhira mandasi kumbali mwakachetechete. Flora anawagwira dzanja.

"Ayi, mayi. Zachinyengo ine ayi. Ndachokera kutali, ndipo sindinagone."

Mayi Carmela anamuyang'anitsitsa ngati amutukwana. Kenako anaseka, nanyema limodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, nthawi yaitali, mpaka anameza. Pamene panali ndasi lija panaoneka phazi la mtsikana, mizu itayamba kale kumera. Dzanja linapitanso kumbale lokha.

"Tuse, wangoima bwanji? Thamanga ukaitane nesi adzaone yekha. Umuuzenso abweretse tiyi wa mkaka wambiri, angatsamwidwe nawo awa."