Manachesi anga ndi moni wa alamu

Malemu mwamuna wanga, bambo a Tadala, anandisiyira mitengo 80 ya manachesi ku Thambani ndi mng'ono wake mmodzi. Mitengoyo sindidandaula nayo.

Chaka chino inabereka mpaka nthambi kumathyoka, koma venda amene ankatipikula zaka zonsezi anasamukira ku Tete osatsanzika. Pofika Juni ndinkangomva phu! phu! kumunda, zipatso zikugwa. Manachesi akapsa sakupatsa mwezi. Masabata atatu okha, watsala ndi ntchentche.

Alangizi athu a zaulimi, a Peggy, anati anditsegulira tsamba pa intaneti kuti opikula a ku Blantyre akasaka andipeze. Anandipatsa pepala. "Apa mulembe mutu wa tsambalo. Apa mizere iwiri yofotokoza. Izi ndi zimene munthu amaona asanadine."

Ine ndinalekeza Sitandade 6, koma kulemba ndimatha. Ndisanapeze n'cholembera chomwe, alamu anga a Sankhani, mng'ono wake uja, amene ndi mkulu wa mpingo, anali atalanda pepalalo.

"Mlamu, izi ziwerengedwa ndi dziko lonse. Zimafuna munthu wozolowera kuyankhula pagulu."

Anakhala nalo masiku awiri, n'kukapereka okha ku boma. A Peggy anawauza kuti zatalika. Alamu anayankha kuti kaya kwawo kwa a Peggy ku Rumphi, koma kuno sitiyamba nkhani tisanalonjere. Mayi wa eni anangolowetsa momwemo.

Patatha sabata foni inalira. Ndinathamanga mpaka kutaya chitenje.

"Pepani mayi, ndine wa ku Lunzu, ndinkagula manachesi kwa amuna anu kalekale. Mwambo uliko liti?"

"Mwambo wanji?"

"Woika maliro."

"Tinaika zaka zinayi zapitazo. Mukufuna madengu angati?"

Anadula, kaya ndi manyazi. Mawa lake anaimba bambo wina wokhoma mabokosi, ati ali nalo la magalasi. Ameneyo ndinamuyankha zoti sindingalembe pano.

Ndinawapeza alamu akupolisha nsapato. Ndinati kwerani kabaza, tikupita ku boma, ndipo mulipira nokha. Ku ofesi a Peggy analemba pa foni kuti manachesi Mwanza, n'kutsitsa, n'kutsitsa, mpaka anatipeza. Pamwamba, m'zilembo zabuluu, panali:

"Moni nonse m'dzina la Ambuye, ife a banja la malemu Timoti..."

Pansi pake: "Poyamba tithokoze Mulungu, mafumu, a mpingo ndi nonse amene mwakhala nafe chitisiyireni m'bale wathu. Modzichepetsa tikukudziwitsani kuti..."

"Kuti chiyani?" ndinafunsa. "Manachesi anga ali pati?"

"Ali kuseri kwa timadontho titatuto," anatero a Peggy. "Mutu umakwana zilembo pafupifupi 60, pansipa 150 kapena kuposera pang'ono. Zotsala zimadulidwa."

Alamu anakonza tayi. "Munthu woleredwa bwino adina n'kuwerenga zonse. Manachesi ndawatchula bwinobwino m'ndime yachitatu."

"Ndime yachitatu! Alamu, munthu wachita hayala lole, dalaivala akumulizira hutala, ndiye akhale pansi kuyankha moni wanu? Mwandilira maliro kachiwiri, zipatso zanga zikuola!"

"Mlamu, muli mu ofesi ya boma."

"Nawonso amve."

Ndisanakwatiwe ndinagulitsapo mumsewu pa boma pomwepa. Minibasi ikaima sufunsa kuti kunyumba adzuka bwanji. Umakweza mbale pawindo n'kukuwa chimene wanyamula, apo ayi yanyamuka. Ndinawauza a Peggy kuti afufute zonse, alembe zimene ndinene.

"Manachesi okoma a ku Thambani, Mwanza: pikulani pa dengu."

Anawerenga zilembo ndi chala. "Zakwana. Pansipa?"

"Apsa, tithyola tsiku lomwe mwafika. Lole imafika mpaka kumunda. Imbani kwa mayi a Tadala. Opanda madengu tiwabwereka."

"Lole imafikadi? Mukalemba zoti palibe, munthu abwera kamodzi kokha."

"Chilimwe chino imafika. Dzinja ngakhale ng'ombe imabwerera."

Alamu anaweramitsa mutu, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwireni. Kenako anati pang'onopang'ono, "Ndiye dzina la achimwene mwalichotsa."

Apo mtima unatsikako. Munthuyu m'bale wake amamusowadi. Ndinati, "Silinachoke. A Peggy aliika mkati mwa tsamba, pansi pa chithunzi cha mitengo, kuti anaibzala ndi iwo. Moni wanunso alowe momwemo, yense, ndi mafumu omwe. Wofuna akaupeza."

"Ndi ndime zonse zitatu?"

"Ngakhale zisanu."

A Peggy anatichenjeza kuti zosinthazi sizionekera tsiku lomwelo. Sananame. Ndinadikira masiku asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse ndikutola zoola n'kukakwirira kudzenje. Ndinatukwana mitengo, mphepo, kabaza wodutsa, ndi mbuzi za a Miracle oyandikana nawo.

Lachiwiri, ndikusesa, foni inalira.

"Mayi a Tadala? Ndine Malita wa mumsika wa Limbe. Dengu mukupanga bwanji?"

Palibe moni, palibe pepani. Ndinamukonda pomwepo.

Anafika Lachinayi m'mawa, mayi wamfupi wa chipewa cha ubweya, pa lole ya matani atatu. Anazungulira munda wonse akusenda linachesi la mtengo uwu, kulawa la mtengo uwo, njere akulavulira pa nsapato za alamu. Mitengo ya kumtsinje, khumi ndi isanu, inali itataya kale zonse. Anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Munali kuti masabata onsewa, mayi? Ine ndimasaka tsiku ndi tsiku."

"Tinali pa mwambo," ndinatero. "Mutenga angati?"

"Onse otsalawa, koma lole ibwera kawiri. Muli ndi anthu othyola?"

Ndinali nawo asanu ndi mmodzi. Tinayambira mitengo ya kumtunda, imene inali itapsa kwambiri.