Mbala ya Mapiritsi a Nomsa

Tandiyankhani inu owerenganu: ndi mbala yanji imene imaba dzuwa likuswa mtengo, mwini katundu n'kumaiberekanso kumsana? Mwalephera? Ndi khanda. Limayamwa mpaka m'mafupa mwa amake.

Si nzeru zanga zimenezi, ine sukulu ndinaithawa nditangodziwa "a" ndi "e". Anatero ndi anamwino tsiku limene ndinaperekeza Nomsa, mwana wa mchimwene wanga, kuchipatala.

Nomsa anabereka mapasa, koma mmodzi sanakhalitse. Mwamuna wake Fabiano ali ku Joni, maliro anawamvera pafoni. Chiyambire pamenepo Nomsa ankangokhala pakhonde, maso ali pa madimba a kabichi a ku Biriwiri. Kulira ayi. Kudya ayi. Wotsalayo akalira, ankamupatsa bere ngati akuyamwitsa mwana wa eni. Msana unkamupweteka, osadandaula. Nthabwala zanga zinkangogwa pansi ngati madeya.

Anamwino anati: "Mkaka umatenga kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, m'thupi mwa mayi. Mwana akaleka kuyamwa mafupa amabwerera mwakale, koma uyu sakudya. Adye matemba ndi minga yomwe, masamba, ndi mapiritsi awa."

Botolo tinaliika pawindo. Koma mapiritsi ankatha msanga kuposa mmene Nomsa ankamezera. Ndikalikhutchumula, tsiku lililonse limalira mopepukirapo.

"Mwanawe, akuba ndani?"

"Asiyeni, azakhali," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Panali a Goliati, akulu ake a Fabiano, amene m'mawa uliwonse ankabwera akuti kudzazonda alamu awo. Akakhala pampando, nkhani ndi imodzi: "Ine kumigodi mwala unandigwera pamsana, chinasweka ndi mwalawo! Mankhwala n'za anthu ofooka. Fupa langa n'chitsulo." Komatu polowa m'nyumba kukamwa madzi ankachedwa, ndipo potuluka ankakoka mwendo.

Lamulungu, amayi a kumpingo atabwera kudzationa, a Goliati ali pomwepo ndi mwala wawo uja, ndinakweza mawu.

"Nomsa, paja anamwino anati mapiritsiwa mwamuna asayerekeze. Zimayamba n'kuyabwa pachifuwa. Kenako mabere tumbi! Mapeto ake mkaka chuu, malaya onse kunyowa."

Linali bodza langa, ndikuuzeni inu nokha.

Nkhani ya mwala inathera panjira. Dzanja la a Goliati linakwera pang'onopang'ono n'kulowa m'malaya. Anakanda. Anasuzumiramo.

"Mwataya chiyani m'menemo, a Goliati?" ndinafunsa.

"Nyerere."

"Ziwiri? Uku ndi uku?"

A Goliati anatsitsa mawu. "Kodi amayi… tingoyerekeza munthu anangomwa pang'ono, chifukwa cha bondo basi. Zimabwerera?"

Pofuna kupukuta thukuta anasolola mpango m'thumba, timapiritsi toyera n'kumwazikira pansi waa!

Nomsa anatiyang'ana kwa kanthawi. Anatolapo kamodzi, kukauzira fumbi, n'kumeza popanda madzi. Ndiye anachotsa mwana kubere, n'kumukweza m'manja awiri kulozetsa kwa mwini fupa lachitsulo.

"Alamu," anatero, nkhope ili gwa, "tamuyamwitsaniko, ine ndidyeko kaye."

Amayi a kumpingo anagwa nako kuseka, wina mpaka duku kuvuka. A Goliati anauyamba wa kwawo akutsimphina, manja onse awiri atagwira pachifuwa.